Kanema wa M'mutu Anandilipitsa Mbuzi

Anthu ena anabadwa ndi pakamwa. Akaimirira pamaliro, pamlandu kapena paukwati, mawu amangotsetsereka okha, mwambi uli pamalo pake, amayi n'kumaluluta. Ine sindili m'gulu limenelo. Ndimagwira ntchito muofesi ya zachuma, mmene munthu ukhoza kuweruka osayankhula ndi wina aliyense kupatula kompyuta. Pamsonkhano akandifunsa maganizo ndimati ndikugwirizana ndi amene angoyankhulawo. Kutchalitchi ndimakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, kuopa kuti angandiloze kuti nditseke ndi pemphero.

Kubanja kwathu nkhani zonse zofuna pakamwa ankayendetsa ndi achimwene anga aakulu. Koma iwo ali ku Joni, ndipo mapepala awo ndi aja oti munthu ukatuluka sulowanso. Ndiye mwana wa mlongo wathu atapeza mbeta ku Dedza, foni inalira kwa ine.

"Achimwene, mwana wanu wakula. Unkhoswe ndi wanu."

Ndinayesa kutchula asuweni athu ena odziwa kuyankhula. Mlongo wangayo anangofunsa funso limodzi: "Malume ake ndi ndani?" Nkhani inathera pomwepo.

Ulendo wokafunsira unayenda bwino, poti ndinatengana ndi mkulu wina wa kumpingo amene anayankhula zonse, ine n'kumangogwedeza mutu ndi kuomba m'manja pofunika kutero. Koma ndi tsiku limenelo pamene ndinakumana ndi nkhoswe ya kuchikazi, atsibweni ake a mtsikanayo. Anali ahedi opuma, aatali, imvi mutu wonse, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Mawu awo ankachokera pansi pa mimba. Akakuyang'ana pamwamba pa magalasiwo unkakumbukira homuweki yonse imene sunalembe kuyambira Sitandade 3. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti, "Lero mwabwereka pakamwa, bambo. Pachinkhoswe tidzamve mawu anu." Usiku umenewo sindinaone tulo.

Mwezi womwewo kuntchito anatitengera ku Salima, kumaphunziro aja ambirife timapitira alawansi ndi chambo. Tsiku lomaliza kunabwera mnyamata wa suti yonyezimira ndi nsapato zosongoka, wodziwa kuyendayenda ndi maiki. Anati chimene chimatigwetsa pamoyo ndi zithunzi zimene timasunga m'mutu, ndipo amene waphunzira kuzilamulira palibe chingamukanike. Anzanga ankasinza. Ine ndinatchera khutu.

Anayamba ndi nkhani ya Michael Phelps, katswiri wosambira wa ku America. Mphunzitsi wake, Bob Bowman, anamuzoloweretsa kuyambira ali mnyamata kuti asanagone komanso akangodzuka azionera m'mutu mwake kanema wa mpikisano: kudumphira m'madzi, kuzizira kwa madziwo, kupalasa kulikonse kwa manja, mpaka kukhudza khoma. Ku Olympics ya ku Beijing mu 2008, pa mpikisano wa mamita 200 wa kasambidwe kotchedwa butterfly, magalasi ake osambirira analowa madzi mpaka sankaonanso kanthu. Iye sanatekeseke. Anawerenga mapalasidwe a manja, poti ankadziwa kuti khoma lili patapita kupalasa kangati, ndipo anapambana pa mphindi imodzi ndi masekondi 52.03, nthawi imene munthu wina aliyense anali asanaifikepo. Ku Beijing kokhako anatenga mamendulo a golide 8.

Kenako anatchula kafukufuku wa dokotala wa za ubongo, Alvaro Pascual-Leone, wofalitsidwa mu 1995. Anatenga anthu osadziwa piyano n'kuwagawa. Ena ankaimba kanyimbo ka zala zisanu maola awiri patsiku kwa masiku asanu, ena ankangokhala patsogolo pa piyanoyo n'kumaganizira zala zawo zikuimba, osazigwedeza. Atawapima anapeza kuti chigawo cha ubongo choyendetsa zala chasintha mofanana m'magulu onse awiri. Apa mtima wanga unadumpha. Kuphunzira chinthu osachichita! Kwa munthu wamanyazi, uwu unali uthenga wabwino woposa alawansi.

Pomaliza anatipatsa mankhwala a mantha, amene anati anachokera kwa Richard Bandler ndi John Grinder, omwe anayambitsa zotchedwa NLP ku California m'zaka za m'ma 1970. Munthu amene umamuopa, anatero, m'mutu mwako amakhala wamkulu, wapafupi, wa mawu ogunda. Ndiye mchepetse. Mkankhire kutali. Muveke zovala zoseketsa. Mawu ake uwasinthe akhale a kanthu kosaopsa. Ukatero mantha amasungunuka okha. Anatiuza kuti titseke maso tiyesere. Ena ndikhulupirira anachepetsa abwana athu, amene anakhala mpando wa kutsogolo nawonso atatseka maso. Ine ndinachepetsa ahedi a ku Dedza. Ndinawafupikitsa mpaka anafanana ndi botolo la Fanta, ndinawaveka kabudula wa khaki, mawu ndinawapatsa a mwanapiye. Pamtima panapepukadi.

Kuyambira pamenepo, usiku uliwonse ndinkagona chagada, maso otseka, n'kuyatsa kanema wanga. Mnyamata uja anatilangiza kuti tisamangoona, tizimva ndi makutu, tizinunkhiza, tizilawa, ndipo ine malangizowo ndinawatsatira mosanyinyirika. Ndinkamva fungo la nyama ya mbuzi yootcha ndi fumbi la pabwalo lothiridwa madzi. Ndinkamva kutsekemera kwa thobwa palilime. Ndinkadziona nditaimirira mu jekete yanga yabuluu, anthu ali chete. Kenako nthungululu, amayi akuvina kubwera kumene ndili, ndalama za pepala zikundigwera pamapewa. Mayi a mtsikana akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ahedi aja akundigwira dzanja kuti Chichewa choterechi sanachimvepo chibadwire. Wina akujambula pafoni n'kutumiza ku Joni, achimwene akuonera kanjiru katawagwira. Gawo limeneli ndinkalibwereza kawirikawiri chifukwa linkakoma.

Pakati pa kuimirira ndi nthungululu panali gawo lina, la kuyankhula kwenikweniko. Pamenepo ndinkangoona pakamwa panga pakuyenda ndi dzanja likugwedera mwaulemu. Mawu munalibe. Sindinaone kuti limeneli ndi vuto.

"Bambo a ana, mukumwetulira chiyani mumdima?" mkazi wanga anafunsa usiku wina.

"Ndikukonzekera chinkhoswe."

"Mutagona?"

"Zonse zikuchitikira m'mutu. Ndi mmene amachitira akatswiri."

"Bwanji osaimirira apo, muyankhule ndimve nawo?"

Ndinamuuza kuti zimenezo ndi njira zachikale. Anatembenukira kukhoma.

Panalinso chenjezo limene mlongo wanga anandipatsa. Mphwangayu asanapeze wa ku Dedza anali ndi mtsikana wina, amene tonse tinkati ndi yemweyo. Ankabwera kunyumba kwathu, ankathandiza kutsuka mbale, dzina lake linazolowera pakamwa pa aliyense. Mwatsoka, mayina a atsikana awiriwa onse amayamba ndi "Chi". "Chonde achimwene," mlongo wangayo anatero, "zina zonse mukhoza kulakwitsa, koma dzina la uja lisadzatuluke." Ndinaliika chenjezolo mu pulogalamu. Ndikamaliza kanema ndinkadziuza mumtima mobwerezabwereza kuti usatchule wakuti, usatchule wakuti. Mwa njira imeneyi dzina la mtsikana wakale ndinkalitchula usiku uliwonse. La mwiniwake wa chinkhoswe sindikumbukira kuti ndinaliyeserapo.

Tsiku linafika, Loweruka la mu Juni, mphepo ya ku Dedza ikulowa m'mafupa. Matenti awiri anayang'anizana, ife uku iwo uko, mbali iliyonse itavala chitenje chake, pakati pali mphasa ndi malichero. Poyamba zonse zinkayenda. DJ anatsegula nyimbo, amayi anavina. Atsikana ofundidwa zitenje anatulutsidwa mmodzimmodzi, ife n'kumaponya ndalama kuti avundukulidwe, mphwanga n'kumapukusa mutu kuti si ameneyu, mpaka anatuluka mwiniwake, nthungululu n'kumveka mpaka kuphiri. Ine ndinakhala mwendo uli pa unzake, wodekha kuposa wina aliyense m'tenti yathu.

"Tsopano tipereke mpata kwa ankhoswe a kuchimuna," anatero woyendetsa mwambo.

Nditangoimirira, mnyamata wina anandipatsa tambala amene ndinayenera kupereka kwa anzanga a kuchikazi kuti iwo andipatse thadzi. Tambalayo ndinagula ndekha, ndipo m'mawa wa tsikulo ndinamudyetsa chimanga chambiri kuti alemere, a kuchikazi asatinene kuti tabweretsa nthenga zokhazokha. Koma m'kanema wanga tambala munalibe. Munalibenso funso lakuti munthu wa manja awiri agwira bwanji tambala ndi maiki n'kutsala ndi dzanja lopatsira moni. Ndinamupanira kukhwapa.

Ahedi ananyamuka pampando, anayenda pang'onopang'ono mpaka pamphasa, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Takulandirani, ankhoswe anzanga."

Apa ndi pamene ndinatsimikiza kuti njira ya ku California ija imagwiradi ntchito. Ubongo wanga unachita zomwe ndinauphunzitsa, osandipempha chilolezo. Patsogolo panga panaima kamunthu kakafupi ka kabudula wa khaki, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, kakundilandira ndi mawu a mwanapiye. Ndinaluma mlomo. Ndinayang'ana nsapato zanga. Phwete linaphulikira m'mphuno, maiki n'kulitola, zokuzira mawu n'kuligawira mudzi wonse. Ndinayesa kulisandutsa chifuwa, koma zinatuluka zonse ziwiri pamodzi.

Pabwalo panati zii.

"Tikudikira, bambo," ahedi anatero, ulendo uno ndi mawu awo enieni.

"Zikomo mafumu, akuluakulu a mpingo, amayi ndi abambo," ndinayamba. Mpaka apo ndinali nawo mawu. Ndinalowa m'mutu kukatenga otsatira, n'kupezamo pakamwa poyenda popanda mawu ndi amayi ovina. "Ife a kuchimuna ndife okondwa," ndinatero. "Okondwa kwambiri. Chifukwa cha chikondwerero chimenechi." Thukuta linkatsika kumsana, mphepo yonse ija ili apo. Ndinaganiza zothawira ku kuyamikira mtsikana, poti pamenepo munthu sangasochere. "Mwana wathu wasankha bwino. Watibweretsera mtsikana waulemu, woleredwa bwino, mwana wathu wokondedwa..." Mumtima mawu aja anadzuka: usatchule wakuti. Ndipo pakamwa panatchula wakuti, momveka bwino, mosadodoma, liwu lokhalo m'zoyankhula zonse limene ndinalikonzekera mokwanira.

Mtsikana anadzutsa mutu. Mphwanga anabisa nkhope m'manja. "Mayo ine!" anatero mlongo wanga kumbuyo kwanga. Ku tenti ya kuchikazi gogo wina anafunsa mokweza, "Akuti ndani?" ndipo mnzake anamubwerezera dzinalo mokwezanso, kuti amene sanamve amve.

Ndikuganiza kuti pa mantha amenewo ndinapana khwapa mopitirira muyeso. Tambala anabweza chimanga cha m'mawa chija panjira yake, mzere woyera kuchokera m'nthiti mwa jekete mpaka m'thumba. Luzi la kumiyendo linamasuka. Anandikanda dzanja, anadumphira pa lichero la ndalama, ndalama n'kumwazikana, kenako analowa pansi pa tebulo la zakumwa, ana a mudzi wonse ali pambuyo pake. Woyendetsa mwambo anakuwira DJ kuti atsegule nyimbo iliyonse imene ili pafupi.

Mwambo anaumaliza ndi mkulu wa kumpingo uja. Madzulo akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala kuseri kwa nyumba, ine nditakhala pansi. Mlandu wa kuseka anati ausiye, poti mwina ndi matenda. Wa dzina anati sungathe ndi pakamwa: pafunika mbuzi yopukutira misozi ya mwana ndi mayi ake. Mu minibasi pobwerera palibe anandiyankhula mpaka pa Nathenje, pamene mkazi wanga anafunsa motsitsa mawu, "Kanema uja amathera pamenepa, kapena pali gawo lachiwiri?"

Mwana wanga wamkazi amaphunzira za kaganizidwe ka anthu kukoleji. Atabwera kutchuthi anapeza nkhaniyo itamudikira, poti wojambula pafoni uja analipodi, ndipo ku Joni zinafikadi. Ataseka mpaka kukhuta, anakhala nane pakhonde.

"Adadi, za dzinazo musadabwe nazo," anatero. Anandifotokozera za Daniel Wegner, amene mu 1987 anauza anthu kuti kwa mphindi zisanu asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo chikabwera m'mutu aziliza belu. Belu linkalira. Atawamasula pambuyo pake, anachiganiza kwambiri kuposa amene sanaletsedwepo. Wegner anafotokoza kuti ukadziletsa kuganiza chinthu, mbali ina ya maganizo imafunafuna zina zoti uganize, pamene mbali ina imakhala mlonda wofufuza ngati choletsedwacho chabwera, ndipo kuti achizindikire ayenera kuchisunga pafupi. Ukatopa, ukachita mantha kapena ukachulukidwa, mbali yoyamba ija imafooka, mlonda n'kutsala yekha atanyamula chinthu chomwecho. Wegner ndi anzake anaona zomwezo mwa anthu omenya mpira wa gofu: ouzidwa kuti asapitirize chizindikiro chimene ankalinga ankachipitiriza kwambiri akawapatsa manambala oti asunge m'mutu. "Mukanangoyeserera dzina lolondola mokweza, basi," anatero.

Za nthungululu anatchula Lien Pham ndi Shelley Taylor a ku yunivesite ya California ku Los Angeles. Mu 1999 anafalitsa zimene anapeza pa ophunzira oyembekezera mayeso. Ena anawauza kuti kwa mphindi zochepa tsiku lililonse azidziona atakhoza bwino, akusangalala ndi zotsatira. Ena anawauza kuti azidziona akuwerenga: nthawi yake, malo ake, buku lili lotsegula, zosokoneza atazichotsa. Gulu lachiwirili linawerenga maola ambiri n'kukhoza bwino. Loyamba lija linawerenga mochepa. Mtima ukalawiratu chikondwerero umaona ngati ntchito yatha kale.

Ndinadzitchinjiriza ndi Phelps ndi piyano. Anapukusa mutu. Anthu a piyano oganizira aja, anati, ankaganizira chala chilichonse motsatana, maola awiri athunthu, piyano ili patsogolo pawo, ndipo pomaliza ankaimbabe mosafika pa anzawo ogwira, mpaka nawonso atakhala pansi n'kuimba ndi manja maola awiri. Phelps ankasambira tsiku ndi tsiku, ndipo kanema wake ankaikamo zoipa zomwe: suti kung'ambika, magalasi kulowa madzi. Bowman anafika pomupondera dala magalasi pa mpikisano wina kuti aphunzire kusambira zinthu zitavuta. Za NLP anangoti ofufuza ambiri amene anaziyesa sanapeze umboni wokwanira wa zimene eni ake amalonjeza. Pamenepo ndinatsutsa. Ndinati ine umboni ndili nawo, ndipo wamangidwa pamtengo wa mango kuseri.

Mbuziyo ndinakaipereka ndekha. Ahedi anandilandira pakhonde, anaiyang'ana mano, anaitana mdzukulu kuti akaimange. Atandipatsa thobwa anafunsa funso limene ndinkaliopa njira yonse.

"Mlandu watha, bambo. Koma ndiuzeni, munaseka chiyani?"

Ndinawauza zonse, ndi botolo la Fanta lomwe. Anakhala chete nthawi yaitali, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kabudulayo anali wamtundu wanji?"

"Wa khaki, aphunzitsi."

"Ndinali naye," anatero, n'kuyamba kuseka mpaka magalasi anagwera pamiyendo.

Atapukuta misozi anandiuza kuti nawonso tsiku lawo loyamba kuima pamzere wa sukulu mawondo anawombana, mawu n'kuthawa. Kuyambira pamenepo, akakhala ndi zoyankhula amazilemba m'kope. Kenako amavala jekete yomwe adzavale, n'kukaima pamalo pomwe adzaime, pa ola lomwelo, adzukulu atawauza kuti azichita phokoso, n'kuyankhula mokweza mpaka mayina onse atakhazikika palilime. Maso amatseka pomaliza, ndipo akatseka amadzifunsa zovuta zokhazokha: maiki ikazima nditani, woledzera akalowerera ndimuyankha chiyani, mvula ikayamba ndidula pati. "Za kuomba m'manja ndi za anthuwo," anatero. "Inu simungawakonzekerere. Ndipo tambala wa chinkhoswe sadya m'mawa. Mumamugwira miyendo ndi mapiko pamodzi, mchira uloze kunja."

Nditamufotokozera mwana wanga, anati zimenezo n'zomwe Paul Holmes ndi Dave Collins a ku Britain analembera ochita masewera mu 2001: poganizira, vala zomwe udzavale, gwira chida chomwe udzagwire, khala pamalo pake kapena pofanana napo, yendetsa chithunzicho pa liwiro lenileni, ndipo mantha usawachotsemo poti patsikulo adzakhalapo.

Paukwati mawu a kuchimuna anachokera ku Joni, pa WhatsApp, foni itagunditsidwa pa maiki. Sindinadandaule. Koma mlongo wanga ali ndi ana aamuna enanso awiri, ndipo wachiwiri wayamba kusita malaya tsiku lililonse ndi kukayankhulira foni kumsewu. Ndiye ndayambiratu. Ndikaweruka ndimavala jekete, ndimagwira tambala wathu mchira uli kunja, chipande cha mkazi wanga chili kudzanja lina mmalo mwa maiki, n'kukaima kuseri kwa nyumba kupereka moni kwa mafumu ndi akuluakulu a mpingo. Mawu ayamba kubwera, ndipo miyambi iwiri ndikutha kuinena osapunthwa.

Vuto ndi lakuti mpanda wathu ndi waufupi. Aneba aona bambo wa jekete akuyankhula ndi anthu osaoneka dzuwa litalowa, tambala ali m'manja, ndipo akanena kwa amfumu a dera lathu kuti pakhomo pathu pali zizimba. Andiitana Loweruka likubwerali kuti ndikafotokoze pamaso pa anthu. Zokanena ndazilemba kale m'kope, ndipo mkazi wanga wavomera kukhala amfumu usiku uno, malinga ndisawachepetse.